Zimene Azimayi Anakwirira ku Kanakantapa

Yeoville, Joni
25 Febuluwale 1996

Okondedwa amake Towela,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Towela ndiponso amayi anga. Ine ndafika bwino, kungoti miyendo ikadali yotupa. M'basi muja tinapindidwa ngati nkhuku za pa kaliyala ya njinga, kuchokera ku Lusaka mpaka kuno.

Ndapeza chipinda m'nyumba yosanja. Tikugawana lendi ndi mnzanga wa m'kalasi dzina lake Thabiso, wa ku mapiri a ku Lesotho. Ndi munthu wabwino mtima, koma mkonono wake ndi chigayo cha a Mwaanga chenicheni. Thandizo la yunivesite likulipira fizi yokha monga ndinakuuzani, za m'mimba ndidzionera ndekha. Andipatsa kagulu ka ophunzira a chaka choyamba kuti ndiziwaphunzitsa kalembedwe, ndipo Loweruka ndizigwira ganyu pa shopu ya fotokope. Sekani ndithu. Mwamuna wanu amene anasiya choko ku Chongwe kuti akaphunzire kulemba mabuku wayamba ndi kuchulukitsa mabuku a anthu ena pamakina.

Za kalasi yathu ya digiri yachiwiriyi, mukanaona mukanagwira pakamwa. Sitikwana khumi. Bolodi palibe, choko palibe, timangokhala mozungulira tebulo ngati a komiti ya maliro. Mphunzitsi wathu ndi mayi wachizungu wa imvi, a Dokotala Steyn, amene amasuta fodya ataimirira pawindo. Anzanga amawaitana ndi dzina lawo loyamba ngati ndi mlongo wawo. Ine lilime limakana, ndipo ndikati "Madamu" onse amafa nalo phwete.

Lamulo lake ndi lotere. Ukalemba nkhani umagawira aliyense pepala lake. Sabata yotsatira onse amaikamba iwe uli pomwepo, koma suloledwa kuyankha ngakhale liwu limodzi. Umangokhala duu, anthu akukusenda ngati mbatata. Lachisanu anasenda Thabiso. Ine ndinayamba kumukonzera masipelo monga ndinazolowera, a Dokotala n'kundigwira dzanja, akuti, "Ezron, inki yofiira uisiye ku Zambia." Nthawi yanga ikubwera mwezi wamawa.

Feteleza wotsala uja musabwereke munthu, alire bwanji. Towela asamapite kusukulu osadya kanthu. Makalata anga azifikira ku bokosi la sukulu ku boma, mnzanga Dingani wavomera kuti azikubweretserani ku Kanakantapa akamabwera kudzaona munda wake.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa onse a kutchalitchi.

Ndine mwamuna wanu,
Ezron


Yeoville, Joni
12 Meyi 1996

Okondedwa amake Towela,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndathokoza Mulungu kumva kuti nonse muli moyo ndi kuti chimanga chachita bwino. Ine ndili bwino. Kuzizira kwa kuno n'kwina, kumalowa mpaka m'mano.

Chimanga musagulitse msanga. Anyamata aja obwera ndi zovala za salaula ndi mabeseni adzakunyengererani, muwauze kuti mwini wake kulibe. Dikirani mvula ikayandikira, mtengo udzakwera. Ndaika marandi pang'ono m'kalata muno, mugulire Towela juzi.

Mwafunsa za sukulu. Andisenda kawiri tsopano, amake Towela, ndipo khungu latsala pang'ono kutha. Nkhani yoyamba ndinalemba za aphunzitsi pamzere wa ku banki, malipiro atachedwa. Ndinaipukuta mpaka kuwala. Anzanga anangoti, "Yalembedwa bwino," kenaka aliyense n'kumayang'ana zikhadabo zake. A Dokotala anati, "Chingerezi chako n'choyera ngati kolala ya m'busa. Koma ili ndi lipoti la woyendera sukulu. Iweyo uli pati m'menemu?" Yachiwiri ndinalemba za chilala chija. Mawu ake omwewo. Atatuluka onse anandiitana pawindo paja n'kundiuza kuti, "Munthu aliyense ali ndi chinthu chimodzi chimene safuna kulemba. Iwe ukuchizungulira. Uchilembe chimenecho." Anawonjeza mofatsa kuti kumapeto kwa chaka iwo ndi amene amasaina ngati thandizo langa lipitirire kapena ayi.

Ndiye onani mmene zilili. M'mawa ndimaima pamaso pa ana a chaka choyamba, ndi tayi yanga, kuwauza kuti ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi. Masana ndimakhala pansi kuuzidwa kuti sindidziwa kulemba. Anawa ambiri anaphunzira m'makomboni nthawi ya chipwirikiti, sukulu zikutsekedwatsekedwa. Nzeru ali nazo, koma pepala amaliopa ngati njoka. Mtsikana wina wochenjera, Palesa, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo mwalembapo buku liti?" Ndinamuuza kuti atsegule tsamba lotsatira.

Sabata yatha kunali kamphepo pang'ono ndi apolisi pa siteshoni ya sitima, nkhani ya mapepala. Zinatha bwino. Wotchi munandigulira ija musadzaifunse.

Usiku ndimakusowani. Walira mvula walira matope, ndinalirira ndekha maphunzirowa.

Ndine wanu,
Ezron


Yeoville, Joni
18 Ogasiti 1996

Okondedwa amake Towela,

Moni kwa inu, kwa Towela ndi kwa amayi. Ndamva za chifuwa cha amayi, muwapititse ku chipatala cha ku boma asanayambe zonena kuti chitha chokha. Ine ndili bwino.

Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Ndalemba chija, amake Towela. Ndalemba za mwana wathu wachiwiri, amene anabadwa atapita kale, m'mvula ya 1994. Ndikudziwa kuti mtayo sautchula. Ndikudziwa kuti amakwirira ndi azimayi okha, popanda bokosi, popanda kulira, ndipo mwamuna safunsa. Ine sindinafunse. Tsiku lija ndinabwera kuchokera kusukulu pa njinga, amayi n'kundichingamira panjira, akuti, "Usalowe m'nyumba. Pita ukakhale kwa a Mwaanga." Ndili kumeneko ndinaona amayi Rosaria a Chigwirizano akutsimphina kulowera kumunsi, khasu lili paphewa, azimayi ena awiri ali pambuyo. A Mwaanga anandikambira za mtengo wa mbewu mpaka dzuwa kulowa. Patapita masiku ndinakupezani mukusesa pabwalo, ndinati mwadzuka bwanji, munati mwadzuka bwino. Basi. Mpaka lero inu ndi ine sitinakambepo.

Ndinakhala pansi kuti ndilembe za zina, koma dzanja linapita lokha kumeneko. Ndinalira, amake Towela, kulira kumene sindinalire chaka chija. Thabiso anangotuluka mwaulemu kukagula buledi amene tinali naye kale.

M'kalasi, atawerenga, panalibe woyang'ana zikhadabo. Mayi wina wa ku Durban anapukuta misozi. A Dokotala anazimitsa fodya n'kunena kuti, "Takulandira, Ezron. Wafika tsopano." Sindingakubisireni, mtima wanga unasefukira. Chiyambire kubwera kuno, tsiku limenelo ndiye ndinadzimva kuti ndine munthu.

Koma akuti pakati pa nkhaniyo pali dzenje. Mwamuna ali kwa a neba, owerenga akufuna kupita ndi azimayi aja. Ndipo ine sindidziwa zimene zinachitika. N'chifukwa chake ndikupemphani mundithandize. Anapita naye kuti? Anamunyamula ndani? Anamukulunga m'nsalu yanji? Kodi anapemphera? Inu anakuuzani chiyani pobwera? Mungolemba mmene mukukumbukira, kukonza ndikonza ine.

Musaope. Kuno n'kutali, nkhaniyo ili m'Chingerezi, ndipo palibe amene amakudziwani. Thabiso anandifunsa kuti, "Mkazi wako akudziwa kuti walemba zimenezi?" Ndinamuyankha kuti adziwa Lamlungu, ndiye ndi pano ndikukuuzani.

Malata aja a Mwaanga akugulitsa, ngati sanachite dzimbiri mutenge anayi a khitchini.

Ndine mwamuna wanu wokukondani,
Ezron


Yeoville, Joni
17 Novembala 1996

Okondedwa amake Towela,

Ndakondwa kumva kuti amayi achira ndi kuti Towela wakhoza bwino mayeso. Mumuuze kuti atate ake anyadira mpaka kuuza anthu osamudziwa. Ine ndili bwino, kupatula dzino limene likundivuta. Madokotala a mano kuno ndi a anthu olemera, ndikungolitsukuluza ndi madzi amchere.

Kalata yanu inali yaitali. Mwalemba za malata, za mbuzi inathyoka mwendo, za mayunifolomu mwasoka, za mvula yoyamba. Ndinatembenuza pepala kufuna kuseri, ndinasuzumira ndi mu envelopu momwe. Mafunso anga aja simunawakhudze. Chabwino. Mwina ndinakufunsani molakwika, kapena mwina papepala n'povuta. Tidzakamba pamaso.

Nthawi inandithera, choncho dzenje lija ndinalikwirira ndekha. Ndinangopeka. Kuno amatiphunzitsa kuti pamene sudziwa, ganiza mpaka uone ndi maso a mumtima, ndipo zimenezo si bodza koma luso. Mayina a anthu ndinasintha, inu ndinakutchani Justina. Ndinafuna kusinthanso dzina la malo, koma a Dokotala anakana, akuti dzina lenileni la malo ndi mchere wa nkhani, ndipo Kanakantapa ndi dzina lokoma kulitchula. Makina anu osokera pakhonde, mwendo wa amayi Rosaria, akuti tinthu totere ndi timene timapatsa nkhani moyo. Ndinazisiya momwemo.

Tsopano nkhani yabwino. Thandizo langa alisainira chaka chamawa. Kuwonjezera apo, nkhani ija aisindikiza m'kamagazini ka ophunzira a m'chigawo chathu. Dzina langa lili pamenepo, zilembo zakuda bii, Ezron Mbewe. Palesa uja ndinamuonetsa, anati, "Tsopano tikumverani, aphunzitsi." A Dokotala akuti nkhaniyi ndiyo idzakhale msana wa buku langa la digiri, zinazo zidzangokhala nthiti.

Anandipatsa makope awiri. Limodzi ndasunga, lina ndatumizira Dingani. Mukudziwa mmene ankandisekera mu ofesi ya aphunzitsi, kumanditcha "wolemba wopanda buku". Aone yekha.

Khirisimasi sindibwera, mundikhululukire. Pemiti yanga ili ku ofesi kuti aiwonjezere, ndipo popanda iyo kutuluka n'kosavuta koma kulowanso ndiye ayi. Mwini shopu wanenanso kuti ndikachoka adzapeza wina. Ndatumiza kabokosi ndi mayi wina wa ku Chelstone ku Lusaka wochita malonda, muli nsalu yanu, nsapato za Towela ndi shuga wa amayi.

Mubzale msanga mbewu yochedwa kucha, inayo idikire.

Ndine wanu nthawi zonse,
Ezron


Yeoville, Joni
16 Malichi 1997

Amake Towela,

Ndikhulupirira thupi lili bwino. Za mumtima sindifunsa, ndamva.

Makalata awiri anafika sabata imodzi. Yoyamba inali ya Dingani, yodzaza chimwemwe. Akuti, "Mwana, nkhani yako ni moto! Naitaipa pa sitensulo, bana ba Giredi 11 bonse baibelenga mu kalasi. Nabauza ati uyu ni mphunzitsi wanu wakale, onani mwamene balembela ku Joni." Ndinawerenga ndili chiimire pa makina a fotokope. Ana a Giredi 11 ndi ana a ku Kanakantapa komweko. Makina osokera pakhonde alipo amodzi okha, ndipo mayi wa Chigwirizano wotsimphina ndi mmodzi.

Yachiwiri inali ya amayi, anawalembera a Mwaanga. Mawu oyamba, popanda ndi moni womwe, akuti, "Ezron, wafukula manda."

Andiuza zonse. Akuti ana anapita nawo mapepala kunyumba n'kumamasulira makolo awo pakhonde. Akuti pa mjigo atsikana amanong'onezana "Justina" mukamadutsa. Akuti amayi Rosaria anabwera kunyumba, anakana mpando, anaimirira pabwalo n'kukufunsani kuti, "Lister, zimene tinachita ife azimayi kuti tikuthandize, wazipereka kwa mwamuna kuti azigulitse kwa azungu?" Akuti azimayi aleka kubweretsa nsalu zoti musoke. Chimene chandilasa koposa n'chakuti m'nkhanimo mwanayo ndinamupatsa dzina, ndipo anthu akuti mtayo ukapatsidwa dzina mimba ya mayi imatsekeka. Akuwerenga zaka zimene Towela wakhala opanda mng'ono wake, n'kumagwedeza mitu.

Ine ndine mphunzitsi, amake Towela, ndikhoza kukulemberani masamba atatu kutsutsa zimenezo. Ndinayamba kutero, ndang'amba. Ine kutsutsa ndili ku Joni n'kosavuta. Amene mukupita ku mjigo m'mawa ndinu.

Muwauze amayi Rosaria kuti inu simunandiuze kanthu. Muwaonetse kalata yanga ya Novembala, aone okha kuti munakana kuyankha. Ndawalembera inenso, koma kaya adzalola kuti munthu awawerengere. Dingani ndamuuza atolere mapepala onse awotche. Iye sanachite mwankhanza, anachita monyadira mnzake, mofanana ndi mmene ine ndinachitira pomutumizira. Koma madzi akatayika saoleka, amene awerenga awerenga.

Ndikanakhala ndi mapiko. Pemiti inatuluka, koma tili pakati pa teremu, ndipo ndalama ya basi ndilibe. Mwini nyumba wakweza lendi, ndiponso masiku ano pali anthu ena m'nyumba muno amene sakondwa ndi ife obwera. Zimenezo tidzakamba.

Ndilembereni, ngakhale mzere umodzi wonditukwana.

Ezron


Yeoville, Joni
20 Julayi 1997

Amake Towela,

Kalata iyi ndatumiza ku Katete kudzera kwa abusa a kwanu, chifukwa amayi andiuza kuti mutangokolola munanyamula Towela ndi makina anu n'kubwerera kwa makolo anu. Akuti munasiya chimanga chonse m'nkhokwe, simunatengeko ndi chitini chomwe, ndipo munawagwadira potsanzika. Ndikhulupirira munafika bwino. Mundiperekere ulemu wanga kwa apongozi, ngati angaulandire.

Ndinapita kwa a Dokotala Steyn kukawauza zonse. Ndinati ndikufuna kuchotsa nkhani ija m'buku langa. Musawaganizire zoipa, si munthu wouma mtima. Anamvetsera mpaka fodya kuwathera m'zala. Anati, "Pepa kwambiri. Dzina la malo lija ndine ndinakukakamiza, sindinaganize kuti pepala limayenda." Kenaka anati, "Koma Ezron, mwanayo analinso wako. Kodi iwe ulibe ufulu womulira?" N'zoona anali wanga. Koma kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza kuti kulira kwanga ndinakulipiritsa inu.

Anandiuza mosabisa mmene zilili. Kuchotsa ndikhoza, palibe wondiletsa. Koma popanda nkhaniyo buku latsala nthiti zokhazokha, woyesa wa kunja sangalikhozetse. Ndiyenera kuyambanso, chaka china chathunthu, popanda thandizo. Pemiti ikutha Disembala. Ku unduna anandipatsa tchuthi chopanda malipiro polonjeza kuti ndibwera ndi digiri. Ndikabwera chimanjamanja, zaka ziwiri mwalima nokhazi zapita pachabe. Ndikabwera ndi digiri, ndabwera ndi chinthu chimene chakuchotsani pakhomo panu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa kale.

Ndayesa kulemba nkhani zina zoti zilowe m'malo mwake. Ndimakhala ndi pepala kuyambira m'mawa mpaka masana, palibe chotuluka. Thabiso akuti kwawo akanandilipiritsa ng'ombe nkhani n'kutha. Ndinamufunsa kuti ng'ombeyo ndingaipereke kwa yani, kwa inu, kwa amayi Rosaria, kapena kwa uja ali pansi. Anangondipatsa tiyi.

Ngakhale kuphunzitsa kwandikanika. Chaka chino ndinayamba kuuza ana anga a m'kalasi mawu a a Dokotala aja, kuti alembe chimene safuna kulemba. Mnyamata wina wandibweretsera masamba asanu a mmene mlongo wake anachotsera mimba ali pasukulu. Analemba bwino zedi, bwino kuposa ine. Ndinayenera kumupatsa malikisi apamwamba n'kumuuza kuti wafika. M'malo mwake ndinamufunsa kuti, "Mlongo wako waiona?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, "Si inu munati tilembe zoona?" Pepala lake likadali m'chikwama changa, sindidziwa cholembapo.

Buku liyenera kuperekedwa kumapeto kwa Seputembala. Amake Towela, nkhaniyi ndaiika m'manja mwanu. Mukati chotsani, ndichotsa tsiku lomwelo, digiri ipite. Mungonena.

Towela alowe sukulu ya kumeneko, asakhale pakhomo. Ndaika kandalama ka yunifolomu.

Ndine mwamuna wanu,
Ezron


Yeoville, Joni
7 Disembala 1997

Amake Towela,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi Towela muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Seputembala yense ndinkapita ku bokosi la makalata m'mawa ndi madzulo. Simunalembe. Tsiku lomaliza ndinapereka buku, nkhani ija ili momwemo. Ndinadziuza kuti kukhala chete kwanu ndi kuvomera, ngakhale ndinkadziwa kuti chete wanu sanatanthauzepo zimenezo. Zotsatira zatuluka, ndakhoza. Woyesa wa kunja anayamikira kwambiri nkhani imeneyo, makamaka pamene azimayi akukumba pansi pa mtengo wa msuku. A Dokotala anandikumbatira, anzanga anagula keke. Ndinadya.

Kalata yanu yafika Lachiwiri lapitali. Ndiilemba pano monga munailembera, kuti mudziwe kuti ndaimva yonse.

"Atate ake Towela, makalata anu yonse ninalandira. Sininayankhe cifukwa ninali nisanamve nkhani yanu yonse, ninangomva zidutswa pa mjigo. Manje mlongo wanga Lazarous waniwerengera kuyambira poyamba mpaka pothera, mu Cinyanja. Mumalemba bwino. Pena ninalira. Koma za mtengo wa msuku mwapeka cabe, ndipo kumene anapita naye sinidziwa, sananitenge. Ine ananionetsa kamodzi cabe, amayi Rosaria anatsegula nsalu pang'ono. Munanifunsa malo, munanifunsa nsalu, munanifunsa pemphero. Cimodzi simunafunse. Mwalemba kuti anali mwamuna, mwamutcha Gilbert dzina la atate anu, mwalemba mmene mukanamuphunzitsira njinga. Anali mkazi. Anali na tsitsi lambiri monga Towela. Zocotsa kapena kusacotsa, munanifunsa anthu atawerenga kale. Ine nikhala kuno."

Lachitatu ndinapita ku laibulale ya yunivesite, kumene amasunga mabuku a digiri. Langa lilipo kale, lachikuto chakuda, dzina langa m'zilembo zagolide. Ndinafunsa mayi wa pa kauntala ngati wolemba angaloledwe kukonza mawu ochepa. Anati likalowa lalowa, silisinthidwa ndipo silituluka, ndikhoza kungoliwerengera pa tebulo pomwepo iye akundiona. Ndinakhala pansi n'kuwerenga. Gilbert ali pa tsamba lililonse. Ndinamuona ndi maso a mumtima monga anandiphunzitsira, ndinamuona bwinobwino, ndipo sanakhalepo n'komwe.

Ntchito ya pa shopu ndasiya. Katundu wanga ndi chikwama chimodzi, mabuku ndasiyira Thabiso. Ndinyamuka Loweruka. Ku Lusaka ndidzakwera basi ya ku Chipata, ndipo ikadzaima pa Chongwe sindidzatsika. Ndidzatsikira pa Katete. Kunyumba kwa makolo anu sindidzafika, simunandiitane. Ndidzakhala kwa abusa. Mukadzatuma munthu kuti ndibwerere, ndidzabwerera osakangana. Mafunso ndilibenso, ndipo cholembera sindidzatenga.

Zaka zonsezi, amake Towela, ndakhala ndikulira mnyamata amene kunalibe. Mwana wanga wamkazi ndayamba kumulira Lachiwiri.

Ndine,
atate ake Towela